Shopu yanga inapsa ndili ndi inshulansi, koma anandilipira zosakwana theka

Foni inalira cha m'ma 2 koloko usiku, mwezi wa Juni 2024, kuzizira kwa ku Lilongwe kuja kuli pachimake. Anali mlonda wa pamzere wa mashopu athu ku Area 25. Sanapereke ndi moni womwe. Anangoti, "Mayi, dzukani, kuno kwayaka."

Ine ndi bambo a ana tinafika moto utadya kale denga la shopu yoyandikana ndi yanga, ukulowa kwanga kudzera kumwamba. Amene anagulitsapo penti, guluu wa mapaipi ndi zingwe za magetsi akudziwa zimene zimachitika moto ukazipeza. Zitini zimaphulika ngati mfuti, utsi wake wakuda bii, sungayandikire. Anthu anayesetsa ndi ndowa ndi mchenga mpaka ozimitsa moto anafika. Chipinda chakumbuyo, chimene chinali ndi khoma lofika kudenga ndi chitseko chachitsulo, chinapulumuka pamodzi ndi simenti, malata ndi zitsulo zomangira. Kutsogolo konse kunatsala makala okhaokha. Zinadziwika pambuyo pake kuti mnzathu wina anasiya hotipuleti yoyatsa magetsi atazima madzulo, n'kutseka shopu, ulendo wa kunyumba. Magetsi atabwera pakati pa usiku, basi.

Ndili chiimire pamenepo, anzanga akulira mogubuduka, mumtima mwanga munali kachilimbikitso kamene ndinkachita nako manyazi. Ine ndinali ndi inshulansi. Pamzere wonse uja wa mashopu asanu amene anakhudzidwa, ndinali ndekha. Ndinauza bambo a ana monong'ona kuti asadandaule kwambiri, a kampani abweza zonse. Ndikakumbukira mawu amenewa lero ndimangopukusa mutu.

Inshulansi imeneyi sindinaifune mwa nzeru zanga. Mu 2021 ndinatenga ngongole ku banki kuti ndikulitse shopu, ndipo a banki anati ndalama sizituluka katundu asanalowe pa inshulansi ya moto ndi umbava. Anandilozera ejenti wina, mnyamata waulemu bwino, amene anabwera ndi fomu n'kundifunsa kuti katundu wanga yense ndi wa ndalama zingati. Ndinawerengera mwachangu n'kunena kuti K12 miliyoni. Panthawiyo zinali zoona ndithu. Ndinalipira pafupifupi K70,000 ya chaka chonse, anandipatsa chikalata chamasamba ambirimbiri cha Chingerezi cha maloya, ndinachiika mu envulopu n'kuchiponya mu sutikesi ya pansi pa bedi momwe mumakhala makadi a sikelo a ana ndi satifiketi yaukwati. Chaka chilichonse uthenga unkabwera pafoni kuti nthawi yolipira yakwana, ine n'kutumiza ndalama yomweyo, osafunsa kanthu. Ndinkakondwa kuti mtengo wake sukukwera pamene china chilichonse chikukwera. Sindinadzifunse kuti n'chifukwa chiyani sukukwera.

Pakati pa 2021 ndi usiku wa moto uja, kwacha inagwetsedwa kawiri konse, ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pamene ndinkalemba fomu ija dola inali m'ma K800. Itagwa kachiwiri, ku banki inafika pa K1,700, osanena za pamsika wamseri pomwe ambiri a ife timakaipeza tikafuna kukaoda katundu. Zinthu zanga zambiri, maloko, zingwe, masoketi, mipope ya m'bafa, ndinkakatenga ku Kariakoo ku Dar es Salaam, zina n'kumaoda m'mashopu akuluakulu a ku Area 2 amene nawonso amaitanitsa kunja. Mitengo ya pashelefu ndinkaisintha pafupifupi mwezi uliwonse, nthawi zina kawiri pamwezi, ndipo pa zimenezi ndinali wochenjera kwabasi. Nambala imodzi yokha ndi imene ndinaisiya osaikhudza kwa zaka zitatu, ija ya mu sutikesi.

Kutacha ndinaimbira ejenti uja. Anandiuza kuti ndisasunthe chilichonse, ndisasese ngakhale phulusa, ndijambule zithunzi zambiri, ndikatenge lipoti ku polisi ndi kwa ozimitsa moto, ndiponso ndilembe kalata yodziwitsa kampani tsiku lomwelo. Apa anandithandiza zedi, chifukwa mapangano ambiri a inshulansi amaika masiku oti ukhale utawadziwitsa, ndipo ukachedwa umawapatsa chifukwa chokanira. Patapita masiku atatu kunabwera bambo wina wotumidwa ndi kampani kudzaunika zowonongeka, amene iwo amamutcha assessor. Anavala magambutsi, analowa m'makala muja ndi kabuku, akuwerenga zitini zopsa ndi mawaya otsala a zingwe. Kenako anandifunsa mabuku a shopu.

Mabuku anali atapsa. Mahadikava anga onse atatu, la katundu wolowa, la zogulitsa ndi la angongole, ndinkawasunga mu dirowa ya pakauntala. Pamodzi ndi iwo panapsanso malisiti a zaka zinayi ndi ndalama zokwana K600,000 zimene ndinati ndikasungitsa ku banki mawa lake.

Amene anandipulumutsa ndi mwana wanga wamkazi. Iye akamandithandiza pa holide anali ndi chizolowezi chimene ndinkamukalipira nacho, chojambula invoisi iliyonse n'kuitumiza pa WhatsApp yanga, ati kuti ndisamamunamizire kuti wataya pepala. Zithunzi zimenezo zinalipo zoposa zana. Tinaonjezera mapepala a MRA amene ndinalipirira msonkho pa chipata cha Songwe, omwe mwamwayi anali kunyumba, masitetimenti a banki ndi a Airtel Money ndi Mpamba, ndiponso makope a mainvoisi amene eni mashopu aku Area 2 anavomera kundisindikizira. Zinanditengera milungu itatu ndikuyenda ndi fayilo kukhwapa. Popanda umboni umenewu, mawu anga okha akanakhala opanda ntchito, chifukwa a inshulansi salipira zimene ukunena kuti unali nazo, amalipira zimene ungaonetse.

Ndiye linafika tsiku limene anandiitana ku ofesi kuti andifotokozere zotsatira. Bambo aja anayamba ndi kundiyamikira kuti mapepala anga ndi olongosoka. Anati malinga ndi kuwerengera kwawo, katundu yense amene anali m'shopu usiku umenewo, wopsa ndi wopulumuka yemwe, anali wa K30 miliyoni pa mitengo yoodera ya nthawiyo, ndipo amene anapsa anali wa K20 miliyoni. Ine ndinagwedeza mutu, mtima uli m'malo. Ndinkadziwa kuti sangandipatse yonse 20 chifukwa ndinalembetsa 12, koma ndinkati 12 yo ndiye ndi yanga basi.

Anatenga pepala n'kulemba manambala awiri, 12 pamwamba, 30 pansi. Anati, "Mayi, inu munali ndi katundu wa K30 miliyoni koma munatipatsa kuti tikusungireni wa K12 miliyoni yokha. Ndiye kuti pa magawo asanu alionse, ife tinasenza awiri, atatu enawo munasenza nokha. Chimene chawonongeka tigawana chimodzimodzi." Magawo awiri mwa asanu a K20 miliyoni ndi K8 miliyoni. Lamulo limeneli amalitcha average, ndipo linalembedwa m'chikalata changa chija, pa tsamba limene sindinalitsegulepo. Pa K8 miliyoni ija anachotsaponso 10 peresenti imene amaitcha excess, gawo limene mwini katundu amalipira yekha pa ngozi iliyonse. Inatsala K7.2 miliyoni. Ndipo popeza dzina la banki linalembedwa pa chikalatacho ngati oyamba kulandira, K1.5 miliyoni yotsala pa ngongole ija inapita kwawo ine ndisanaione. M'manja mwanga munafika K5.7 miliyoni, patatha miyezi itatu chipsereni shopu.

Ndinakwiya koopsa. Ndinawauza kuti ndi akuba ovala mataye, ndinamenyetsa chitseko potuluka. Kunyumba ndinauza bambo a ana kuti ndikukadandaula ku Reserve Bank, chifukwa kumeneko n'kumene kuli ofesi ya Registrar of Financial Institutions imene imayang'anira makampani a inshulansi ndi mabanki, ndipo imalandira madandaulo a anthu amene sanakhutire ndi yankho la kampani. Njira imeneyi ilipodi, ndipo amene wakanizidwa malipiro popanda chifukwa chomveka aigwiritse ntchito, atayamba walembera kaye kampaniyo n'kusunga makalata onse. Koma mlamu wanga, amene amagwira ntchito yowerengera ndalama, atawerenga chikalata chija usiku wonse anandiuza mosapsatira kuti, "Alamu, mlandu uwu simuwina. Sanakubereni. Zonse zili apa." Kenako anawerengera china chimene chinandipweteka kuposa moto weniweniwo. Ndikanalembetsa K30 miliyoni, ndikanamalipira pafupifupi K175,000 pachaka m'malo mwa K70,000. Kusiyana kwake ndi mtengo wa ndowa zochepa chabe za penti. Posunga kandalama kameneko ndinataya ndalama zoposa K10 miliyoni.

Safunsa anadya phula, ndivomera. Koma ndinenenso mbali inayo, chifukwa mpaka lero sindinaimeze. Kwa zaka zitatu anthu amene ntchito yawo ndi imeneyi ankanditumizira uthenga wondikumbutsa kulipira, kwacha ikugwa dziko lonse likuona, ndipo panalibe ngakhale mmodzi amene anaimba foni n'kufunsa kuti, Mayi, kodi katundu wanu akadali wa K12 miliyoni? Ejenti amalandira gawo lake chaka chilichonse ndikalipira. Funso limodzi lokha likanandipulumutsa, ndipo nawonso akanapeza zambiri. Chikalata chofunika chotere kuchilemba m'Chingerezi chimene ngakhale mphunzitsi wa sekondale amachita kubwereza katatu, n'kuchipereka kwa mayi wa hardware osamufotokozera m'Chichewa mawu awiri okha amene angamugwetse, ine ndimati si chilungamo chokwanira, ngakhale malamulo atawalola.

Panalinso zina zimene ndinaziphunzira mochedwa. K600,000 ija ya mu dirowa sanaiwerengere n'komwe, chifukwa inshulansi ya moto siphimba ndalama, imeneyo imakhala ndi pangano lakelake. Miyezi inayi imene shopu inali yotseka, anyamata anga awiri ankafunika malipiro, ana ankafunika fizi, ife tinkafunika kudya, ndipo zonsezi panalibe amene anandibwezera. Ilipo inshulansi yobwezera phindu limene wataya bizinesi ikaima chifukwa cha ngozi, koma umachita kuipempha ndi kuilipira padera. Ndipo panali bambo wina amene anagula penti ndi zingwe za nyumba yake yonse n'kundipempha kuti ndimusungire mpaka amisiri atafika pofunika zimenezo. Katundu ameneyo sanalinso wanga, choncho sanalowe m'chiwerengero. Ndinamubwezera kuchokera m'thumba mwanga pang'onopang'ono, chifukwa nkhope yake ndimaiona kutchalitchi Lamulungu lililonse. Amalonda ambiri timasungira makasitomala katundu wolipiridwa kale, makamaka simenti, osadziwa kuti tasenza mtolo wa eni ake.

Msuweni wanga wa ku Blantyre atamva, anandiuza kuti zofanana ndi zimenezi zinawagwera ena nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, madzi ndi matope atakokolola nyumba ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche. Inshulansi ya moto payokha sikhudza madzi osefukira kapena mphepo yamkuntho pokhapokha ngati zinaonjezeredwa m'pangano. Munthu umangoti "ndili pa inshulansi" ngati kuti ndi ambulera imodzi yotchinga mvula iliyonse.

K5.7 miliyoni ija, pamodzi ndi simenti ndi malata opulumuka aja, ndi zimene zinandidzutsa. Ndisaname, popanda ndalama imeneyo sindikanatsegulanso. Mwa anzanga anayi amene analibe chilichonse, mmodzi yekha ndi amene anabwerera pamzere paja, ndipo anachita kutenga katapila amene akumulirabe mpaka pano. Wina akugulitsa kaunjika pansi pa mtengo. Choncho amene amandifunsa ngati inshulansi ndi yabodza, ndimawauza kuti ayi, ineyo ndi amene ndinagula bulangete la mwana n'kumayembekeza kuti lifunda munthu wamkulu.

Miyezi imene ndinakhala pakhomo ija inandipatsa mpata wofukula sutikesi yonse ya pansi pa bedi, ndipo zimene ndinapezamo zinandiopsa.

Choyamba chinali inshulansi ya maliro imene ndinalembetsa amayi anga ndi apongozi zaka zapitazo. Inkadulidwa ku akaunti ina imene ndinasiya kuikamo ndalama, ndipo inali itafa kalekale ine osadziwa. Nditapita kukaidzutsa anandiuza kuti ndiyambirenso, ndipo pali miyezi yodikira imene munthu akamwalira ndi matenda salipira kanthu. Kwa okalamba mtengo wakenso umakwera, ndipo pali msinkhu umene salandiranso munthu watsopano. Tonse tikudziwa mmene maliro amadyera ndalama kwathu kuno, bokosi, galimoto yonyamula thupi kupita kumudzi, ufa ndi ndiwo za anthu ogona pasiwa, ndipo kwa munthu wa bizinesi ndalama zimenezi zimachokera mu dirowa ya shopu. Ndaona mashopu akutsekedwa ndi maliro awiri otsatizana popanda moto uliwonse.

Chachiwiri chinali cha bambo a ana. Iwo amagwira ntchito pa kampani ina, ndipo monga lamulo la penshoni limanenera, amadulidwa 5 peresenti ya malipiro awo, abwana n'kuikapo 10 peresenti. Lamulo lomwelo limakakamiza olemba ntchito kuwaikira antchito inshulansi ya moyo yosachepera malipiro a chaka chimodzi. Ndalama zimenezi munthu akamwalira zimatsata fomu imene iye analemba yotchula oti adzalandire. Ndinawafunsa kuti, "Kodi bambo, pa fomu ija munalemba ndani?" Anayamba kukanda m'mutu. Atakafufuza ku ofesi anapeza kuti pali mayina a malemu bambo awo ndi mchimwene wawo, chifukwa anailemba asanakwatire. Ine ndi ana atatu panalibe. Sanachite dala, anangoiwala monga ndinaiwalira ine K12 miliyoni ija. Anasintha sabata yomweyo. Tinapitanso limodzi kukalemba wilo. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limati kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi ana ndi mlandu, koma amene anaonapo achibale akutsitsa mbale ndi mipando m'nyumba maliro asanaikidwe akudziwa kuti lamulo limafika mochedwa pamene pepala palibe. Kwathu ena amati kulemba wilo n'kudziitanira imfa. Bambo a ana nawo anayamba anyinyirika, koma moto uja unali utawafewetsa.

Chachitatu sichinali mu sutikesi, chinali m'makhalidwe anga. Kwa zaka zonsezi shopu ndi nyumba zinali thumba limodzi. Ndiwo zikasowa ndinkatapa mu dirowa, wachibale akadwala ndinkatapa momwemo, chopereka cha ukwati chimodzimodzi, ndipo sindinkalemba. Ndalama iliyonse yotsala ndinkaisandutsa katundu, poganiza kuti kwacha ikugwa ndiye bola kusunga penti kusiyana ndi kusunga ndalama. Nzeru imeneyi ili ndi pake, ndipo amalonda ambiri ndi mmene tapulumukira zaka zimenezi. Koma zinatanthauza kuti chuma changa chonse chinali pansi pa denga limodzi, ndipo usiku umodzi unakwanira. Tsiku lotsatira moto uja ndinalibe ngakhale ya thiransipoti yoyendera mapepala, ndinachita kubwereka ku banki m'khonde ya amayi a kumpingo.

Pano ndimadzilipira ndekha malipiro pakutha pa mwezi ngati wantchito, ndipo zapakhomo zimathera pamenepo. Zikatha zatha, dirowa siitsegulidwa. Poyamba zinkandivuta kuuza wachibale kuti ndilibe pamene akuona makasitomala akulowa ndi kutuluka, koma azolowera. Sabata iliyonse ndimapatula kandalama kupita ku SACCO, ndipo cholinga changa n'chakuti pakhale ndalama yokwana lendi, malipiro a anyamata ndi chakudya cha miyezi itatu, imene sindiikhudza ngakhale kubwere katundu wotchipa bwanji. Sindinafikebe, ndili pa mwezi umodzi ndi theka. Ndikudziwa kuti kukwera kwa mitengo kukuidya pang'onopang'ono ndalama imeneyo, ndipo zimandiwawa, koma ntchito yake si kubereka, ntchito yake ndi kupezeka tsiku limene china chilichonse chapsa. Banki m'khonde sindinaisiye, koma ndinasiya kuiyesa chitetezo, chifukwa mamembala ake tonse timagulitsa pamsika umodzi, ndipo tsoka likagwa limatigwera pamodzi.

Inshulansi ndinalowanso, koma ulendo uno kudzera kwa broker. Kusiyana kwake n'kwakuti ejenti amagulitsa za kampani imene amaiimira, pamene broker amayenera kuimira iwe, n'kukufunsira mitengo ku makampani angapo. Ndinamuuza kuti sindisayina kanthu asanandifotokozere m'Chichewa tsamba lililonse, makamaka pamene palembedwa zimene salipira. Tinakhala maola awiri. M'pamene ndinadziwa kuti inshulansi yanga ya umbava imalipira pokhapokha ngati akuba athyola chitseko, zenera kapena denga, osati katundu akamasowa pang'onopang'ono m'manja mwa antchito. M'pamenenso ndinadziwa kuti ngati ndinalemba pa fomu kuti pali mlonda usiku ndi chozimitsira moto, ziyenera kukhalapodi, apo ayi akhoza kukana kulipira. Chozimitsira moto ndinagula ziwiri, ndipo ndimaonetsetsa tsiku lake lokachidzadzitsanso. Ndinamufunsanso za Disembala ndi miyezi yokolola, pamene anthu amamanga kwambiri ndipo katundu amachuluka m'shopu kuposa masiku onse, ndipo tinagwirizana kuti nambala yolembetsa itsate nthawi imene shopu yadzaza, osati imene yapepuka.

Mabuku pano ndimalembabe pamanja chifukwa kompyuta sindinaizolowere, koma Loweruka lililonse tisanatseke timajambula masamba onse a sabata imeneyo ndi mainvoisi, n'kutumiza ku foni ya mwana wanga ndi ya bambo ake. Ndalama sizigonanso m'shopu. Ndipo pakhoma pafupi ndi kalendala ndinalemba ndi choko nambala imene ili pa inshulansi, kuti ndiziiona tsiku lililonse. Miyezi itatu iliyonse timatseka theka la tsiku n'kuwerenga katundu yense pa mtengo umene ndingamuodere lero.

Mwezi wathawu titawerenga, tinapeza kuti katundu wadutsa nambala ya pakhoma ndi K4 miliyoni, ngakhale kuti mashelefu sanadzaze kuposa kale, ndi mitengo chabe imene yasuntha. Ndinaimbira broker uja ndili chiimire pakauntala, manja ali fumbi lokhalokha. Anaseka n'kunena kuti, "Mayi, inu ndiye simundipatsa mpumulo." Ndinamuuza kuti atumize invoisi ya ndalama yoonjezera lisanathe tsiku, kenako ndinafufuta choko chija n'kulemba nambala yatsopano.